Dzanzi la kumapazi: tisafulumire kuloza chala ma ARV

Pa madandaulo omwe ndimamva kuchokera kwa anthu omwe ali pa ma ARV, la mapazi limabwera mobwerezabwereza. Wina amati mapazi akumutentha ngati waponda makala, makamaka usiku, moti amagona atawatulutsa kunja kwa bulangete. Wina amamva kubayabaya m'zala zakuphazi. Wina sadandaula za ululu n'komwe, koma patapata amamuvuka panjira iye osazindikira, mpaka mwana wa eni amuthamangire: "Bambo, mwasiya nsapato kumbuyoku." Onsewa akamaliza kufotokoza, funso limakhala limodzi: "Adokotala, kodi si mankhwalawa?"

Ntchito yanga ndi yoona matenda a ubongo ndi mitsempha, ndipo funso limeneli limandidetsa nkhawa chifukwa ena amalifunsa atasiya kale kumwa mankhwalawo. Adaweruza mlandu ali kunyumba, kuchipatala angobwera kudzandiuza chigamulo.

Mitsempha yomwe ndikunena pano ndi ija yonyamula mauthenga pakati pa khungu, minofu ndi ubongo. Wopita ku chala chachikulu chakuphazi umayambira kumunsi kwa msana, ndipo mwa munthu wamkulu umatalika pafupifupi mita imodzi. Zonse zomwe nsonga yake imafuna kuti ikhale ndi moyo zimapangidwa kumtunda, pafupi ndi msana, n'kumatumizidwa ulendo wonsewo. Amene adalimapo dimba lothirira ndi ngalande akudziwa kuti madzi akachepa, mizere yakumapeto ndiyo imayamba kufota, yapafupi ndi mtsinje ikadali yobiriwira. Mitsempha imateronso. Ikakumana ndi chiphe kapena ikasowa chakudya, imayamba kufa kunsonga. N'chifukwa chake dzanzi la mtunduwu limayambira kuzala zakuphazi, mbali zonse ziwiri, n'kumakwera pang'onopang'ono. Likamafika chakumaondo, nsonga za zala zakumanja zimayambanso kumveka zachilendo. N'chifukwa chakenso anthu aatali msinkhu limawapeza msanga kuposa aafupi.

Amene amakayikira ma ARV ali ndi pomwe akuchokera. Boma litayamba kugawa mankhwalawa mwaulere m'chaka cha 2004, pafupifupi aliyense ankalandira Triomune, piritsi lomwe lidali ndi mankhwala atatu mkati mwake: stavudine, lamivudine ndi nevirapine. Piritsi limeneli lidadzutsa anthu omwe abale adali atawataya kale mtima, ndipo ine sindidzalinyoza. Koma stavudine adali ndi vuto. Poletsa kachirombo kuswana, ankasokonezanso tizigawo ting'onoting'ono ta m'maselo athu totchedwa mitochondria, tomwe timapanga mphamvu yoyendetsera selo. Mtsempha wautali umafuna mphamvu zambiri, choncho umakhala woyamba kugonja. Ambiri ankayamba kumva kutentha kumapazi m'miyezi yoyambirira. Stavudine yemweyo ndiye ankaphwetsa masaya, matako ndi miyendo, mpaka anthu m'mudzi n'kumadziwa kuti uje ali pa mankhwala pongomuona nkhope.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidachepetsa mlingo wa stavudine kuchoka pa 40mg kufika pa 30mg mu 2007, ndipo m'malangizo ake a 2010 lidauza mayiko kuti ayambe kumusiya. Kuno kwathu kusintha kudayamba mu 2011 ndi amayi oyembekezera komanso odwala TB, omwe adayikidwa pa mankhwala ena otchedwa 5A, kenako ena onse adatsatira kuyambira 2013. Kuchokera mu 2019, ambiri akumwa 13A, momwe muli tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Mankhwala atatuwa ali ndi zovuta zawozawo. Tenofovir timamuyang'anira pa impso, dolutegravir amasowetsa ena tulo ndi kunenepetsa ena. Koma sadya mitsempha ngati momwe ankachitira stavudine. Amene adamwapo Triomune zaka zija akhoza kukhala ndi dzanzi mpaka lero, chifukwa mitsempha ina sidachire. Limenelo ndi bala lakale, ndipo kusiya 13A sikungalipoletse.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti kachirombo ka HIV pakokha kamaononga mitsempha. Tizidutswa ta chikhungwa chake, pamodzi ndi kutupa komwe chitetezo cha m'thupi chimayambitsa polimbana nako, zimapweteka mitsempha yomweyi, malo omwewa, ndipo zizindikiro zake sizisiyana ndi za stavudine. Amene adachedwa kuyamba mankhwala, chitetezo cha m'thupi (CD4) chitatsika kwambiri, ndiwo amavutika koposa. Choncho munthu akasiya ma ARV kuti mapazi apume, amamasula chinthu chomwe chimadya mapaziwo.

Pa mankhwala omwe timapereka lero, amene ndimayamba kumufunsa ndi isoniazid. Ali m'mankhwala ochiza chifuwa chachikulu cha TB, alinso m'mankhwala oteteza TB, kuphatikizapo 3HP omwe amamwedwa kamodzi pa sabata kwa miyezi 3. Isoniazid amatha vitamini B6 m'thupi, ndipo popanda vitamini ameneyu mitsempha siyenda bwino. Ichi n'chifukwa chake timapereka kapiritsi ka pyridoxine pambali pake. Tsoka lake, kameneka ndi komwe anthu amakataya koyamba akatopa ndi kuchuluka kwa mapiritsi. "Kameneko ndi kavitamini chabe," amatero. Inde, ndi kavitamini, koma ndi komwe kakutchinjiriza mapazi anu. Palinso linezolid wa TB yosamva mankhwala, vincristine ndi paclitaxel omwe timachizira khansa ya Kaposi, komanso Flagyl akamwedwa nthawi yaitali, monga amachitira ena omwe amangogula m'magolosale m'mimba mukangovuta. Matenda a shuga, chindoko, matenda a impso ndi khate nazo zimabweretsa dzanzi, ndipo sizisankha kuti uyu ali ndi HIV kapena ayi.

Tsopano tifike pomwe ambiri amayamba kuyang'ana pansi. Ndikafunsa kuti, "Nanga zakumwa, bambo?" yankho lake ndimalidziwa kale: "Pang'ono, adokotala, Loweruka lokha." Mayi omwe abwera nawo amangokhala chete, n'kumakonza chitenje chomwe chili bwinobwino kale. Pamenepo ndimadziwa kuti ndifunsenso, modekha.

Mowa, makamaka woŵaŵa monga kachasu ndi uja wa m'timabotolo, umaononga mitsempha m'njira zitatu nthawi imodzi. Iwo weniweniwo ndi chiphe ku mtsempha. Umalepheretsa matumbo kuyamwa vitamini B1, yemwe mitsempha imadalira popanga mphamvu. Kenako umalanda malo a chakudya: amene wayamba kumwa m'mawa sakumbuka nsima, ndipo ndalama ya ndiwo imathera kwa mayi otcheza kachasu. Tsono taganizirani munthu yemwe adayamba ma ARV mochedwa, pano ali pa mankhwala a TB, pyridoxine adamusiya, amamwa kachasu wosadyera, mwinanso shuga wayamba kukwera iye osadziwa. Chilichonse mwa zimenezi pachokha mwina sichikadamugwetsa. Zikakumana m'thupi limodzi, m'miyezi yochepa munthu uja amayamba kuyenda mogwira khoma mdima ukagwa, chifukwa mapazi sakumuuzanso pomwe waponda. Pa zonsezi, chomwe amachitchula ndi botolo la ma ARV, poti ndi lokhalo lomwe alibe nalo manyazi pamaso pa dokotala. Komatu botolo limenelo sayenera kulisiya.

Pali dzanzi lina la mowa lomwe limabwera usiku umodzi wokha. Munthu waledzera, wagona mkono uli lende pamsana pa mpando kapena atautsamira, osatembenuka mpaka kucha. Mtsempha wodutsa kuseri kwa fupa la mkono umafinyika, ndipo m'mawa dzanja limangoti zyoli, osatha kulidzutsa. Ena amakhala atapinda mwendo, n'kudzuka phazi likukwekwereza pansi. Abale amathamangira kunena kuti ndi sitiroko kapena wina wamuponyera. Kawirikawiri zimenezi zimabwerera mwakale pakapita masabata kapena miyezi ingapo, malinga munthuyo asazibwereze.

Zomwezi zimachitikira osuta kapena kudzibaya heroin, yemwe ku Johannesburg amapezeka m'chisakanizo chotchedwa nyaope, ku Durban whoonga. Achinyamata athu ena omwe adapita ku Joni kukasaka ntchito amabwerako atazolowera zimenezi. Munthu amakomoka kwa maola ambiri atagonera mbali imodzi, mitsempha ndi minofu n'kufinyika, ndipo odzibaya nthawi zina amalasa mtsempha weniweniwo ndi singano. Guluu yemwe ana ena a m'misewu amanunkhiza akhoza kukhala ndi mankhwala otchedwa n-hexane, omwe amafooketsa miyendo ndi manja, ndipo kufookako kumapitirira kwa kanthawi ngakhale mwanayo atasiya. Makolo omwe muli ndi ana ku Britain, dziwaninso za mpweya wa nitrous oxide, womwe achinyamata amaupopera m'mabaluni n'kumaukoka kuti aseke. Mpweyawu umapha mphamvu ya vitamini B12 m'thupi, ndipo suononga mitsempha yakumapazi yokha, umafika mpaka mumsana. Anyamata ndi atsikana athanzi lawo akhala akulephera kuyenda chifukwa cha mabaluni amenewa, ndipo dziko la Britain lidaletsa kukhala nawo pofuna kuledzera mu November 2023. Chamba sichili m'gulu la zodya mitsempha yakumapazi mwachindunji. Vuto lomwe ndimaliona ndi lakuti wochisuta pofuna kupha ululu amachedwa kubwera, ndipo amadumphitsa mankhwala.

Mukabwera kwa ife, palibe makina oopsa. Ndimakuvulitsani nsapato zonse ziwiri. Ndimamenya kachitsulo kanthambi ziwiri kuti kanjenjemere, n'kukagunditsa pafupa la chala chachikulu, inu n'kundiuza pomwe kunjenjemerako kwaleka kumveka. Ndimakhudza kuphazi ndi kaulusi ka nayiloni mutatsinzina. Ndimagogoda kuseri kwa chidendene ndi kanyundo kamphira kuti ndione ngati phazi lidzidzimuke. Ndimasuzumira pakati pa zala kufuna zilonda, ndi pakhungu kufuna mawanga otuwa osamva kukhudza, omwe amaloza ku khate. Ndimawerenga kabuku kanu ka kuchipatala kuyambira tsamba loyamba, kufuna kuona ngati mudamwapo stavudine ndiponso ngati muli pa isoniazid. Kenako timayeza shuga, kuchuluka kwa kachirombo m'magazi, chindoko ndi impso. Komabe zonsezi sizingandiuze kuti mumamwa mabotolo angati kapena mumanunkhiza chiyani. Chimenecho mungandiuze ndi inu nokha, ndipo nthawi zambiri ndi chomwe chili ndi yankho. Zomwe mwanena m'chipinda muja sizipita kwa abusa, kwa abwana anu kapena kwa apongozi.

Mtsempha umaphukanso, koma mwaulesi, pafupifupi milimita imodzi patsiku, ndipo umatero pokhapokha chouononga chachotsedwa. Amene wabwera dzanzi likadali kuzala ali ndi mwayi waukulu kuposa amene wadikira kuti lifike m'maondo. Nthawi zina ululu umayamba wakula kaye m'masabata oyamba munthu atasiya chomwe chimamupweteka, ndipo apa m'pomwe ambiri amagwa ulesi. Panado ndi brufen sathandiza kwenikweni pa ululu wa mtundu uwu. Timapereka amitriptyline womwa usiku, kapena gabapentin komwe akupezeka. Ena amawathandiza kugona, ena sawathandiza, ndipo sindilonjeza munthu kuti ululu utheratu. Musamadzigulire mavitamini B n'kumamwa mochuluka poganiza kuti muchira msanga: B6 akapyola muyeso amayambitsa dzanzi lomwelo. Idyani mgaiwa, nyemba, mtedza, usipa ndi mazira momwe mungathere. Amene wamwa mowa wambiri tsiku lililonse kwa zaka asausiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba, chifukwa akhoza kunjenjemera mpaka kukomoka. Abwere timuthandize kuusiya.

Phazi lomwe silikumva limavulala mwini wake osadziwa. Ndaonapo mapazi opsa ndi mbaula m'nyengo yozizira ya June, ena osupuka chifukwa chothowedwa ndi madzi otentha, ena otemedwa mphini zomwe zidasanduka zilonda zosapola. Musayende opanda nsapato, gwedezani nsapato musanavale, yesani madzi osamba ndi chigongono, ndipo yang'anani kunsi kwa mapazi madzulo aliwonse.

Pali dzanzi lomwe silidikira tsiku lolandira mankhwala. Likabwera mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, pakamwa n'kupotoka kapena mawu n'kumatuluka movuta, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko. Miyendo ikamafooka mokwera m'masiku ochepa, kapena dzanzi likabwera ndi kupweteka kwa msana ndi kulephera kugwira mkodzo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa ena nonse omwe mapazi akutentha kapena achita dzanzi, pitirizani kumwa ma ARV anu usiku uno monga mwa nthawi zonse. Mukamabwera, tengani kabuku kanu ndi mankhwala onse omwe mukumwa, a kuchipatala, ogula ndi achikuda omwe, ndipo tikakufunsani za mowa ndi zina zija, tiuzeni zoona.