NGWENYA: DZINA LA NG'ONA PAKATI PA ACEWA

Mphunzitsi akamaitana maina m'sukulu za m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, a Phiri ndi a Banda amabvomera mbali zonse. Koma mwa kamodzi-kamodzi pamamveka dzina lacilendo m'khutu, lakuti Ngwenya. Mwana mwini dzinalo akafunsidwa tanthauzo lace, kawiri-kawiri amangoyang'ana pansi.

Liuli si la Cicewa kapena Cinsenga ai. M'Cizulu, m'Ciswazi ndi m'Cindebele, "ingwenya" ndiye ng'ona. Ku Bulawayo, ku Eswatini ndi ku South Africa ciwongo cimeneci ncodziwika kwambiri. Cisasokonezedwe ndi liu lakuti Ngwenyama, kutanthauza mkango, limene liri dzina laulemu la mafumu.

Dzinali linadza ndi Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu November 1835, tsiku limene dzuwa linada masana. Atamwalira Zwangendaba ku Ufipa, mwana wace Mpezeni anabwerera kumwera nakhala pakati pa Ansenga, ndipo pambuyo pace anakhazikika kufupi ndi kumene kuli Chipata lero. Ankhondo ace anakwatira akazi a Cinsenga, ana nayamwa cinenero ca amai ao. Motero Cingoni cinazimirira pang'ono-pang'ono, cinangotsala m'nyimbo za ngoma ndi m'ziwongo zonga ici.

Nanga dzinali linalowa bwanji kwa Mfumu Kawaza ndi Mbang'ombe, kwa Nyanje ndi kwa Pembamoyo? Njira yace yaikuru ndi ukwati. Mwa Angoni dzina litsata bambo. Mwa Acewa mkamwini amakakhala kwao kwa mkazi, ndipo ana ali mbumba ya atsibweni ao. Cotero mwana amalandira munda kucikazi, koma dzina kucimuna. Amakula akumva ng'oma za Gule Wamkulu, namapita ku Kulamba ku Mkaika kukaona Kalonga Gawa Undi, osadziwa kuti makolo a atate wace ndiwo eni Nc'wala, mwambo umene unayambanso mu 1980 ndipo ucitikira ku Mtenguleni.

Nkhalamba zodziwa mzere wa makolo zikutha m'midzi. Ncoyenera kuti mabanja a Ngwenya akhale pansi ndi agogo ao akali moyo, alembe maina a makolo ndi midzi imene anacokera. Mau a akulu akoma akagonera, koma sangagonere ngati panalibe wowamva.