Injini Ikamazungulira Koma Osalira: Kufufuza Moto wa Mapulagi ku Milange

M'boma la Milange, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, limene lachita malire ndi Malawi pa Muloza, galimoto zambiri zoyenda pamsewu wa ku Mocuba ndi zakale zochokera ku Japan, ndipo amakaniko amakumana kawirikawiri ndi injini imene sitata ikuizunguza bwinobwino koma ikukana kulira. Injini ya petulo imalira pamene mafuta osakanikirana ndi mpweya apanikizidwa m'silinda n'kuyatsidwa ndi moto wa pulagi pa nthawi yake, pomwe ya dizilo sidalira moto wotere chifukwa mafuta ake amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa.

Motowu umachokera ku koyilo, chipangizo cha waya wokulungidwa magawo awiri chimene chimakweza mavoti 12 a batire kufika pa 20,000 kapena kuposerapo, kuti magetsi adumphe kampata ka pafupifupi milimita imodzi kunsonga kwa pulagi. Koyilo imatulutsa mphamvuyi pokhapokha magetsi olowa akadulidwa mwadzidzidzi, ntchito imene kale inkagwiridwa ndi mapointi a m'disitiribyuta, koma masiku ano imalamulidwa ndi kompyuta ya injini.

Makaniko wodziwa ntchito amayambira kumapeto kwa njira ya magetsiyo n'kumabwerera m'mbuyo. Amamasula pulagi imodzi, kuilumikizanso ku waya wake, kugunditsa mazinga ake pachitsulo cha injini ataigwira ndi pulayala yokutidwa ndi labala, kutali ndi petulo, kenako mnzake amatembenuza kiyi. Moto wabwino umakhala wobiriwira ngati thambo ndipo umathetheka momveka, pamene wachikasu ndi wofooka moti ungalephere kudumpha m'silinda, momwe mpweya wopanikizika umauvutitsa kwambiri. Ngati pulagi imodzi yokha ilibe moto, injini nthawi zambiri imalirabe monjenjemera. Ngati mapulagi onse alibe, vuto lili pa chinthu chimene amadyera pamodzi.

Apa m'pamene ambiri amathamangira kugula koyilo yatsopano, kuiwala kuti sipeya wina amachita kukamufuna ku Mocuba kapena kutsidya la malire ku Limbe, pomwe chaonongeka chingakhale fyuzi chabe. Choyamba kupima ndi batire, imene ikadzaza imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 ndipo siyenera kutsika kwambiri pansi pa 10 sitata ikamazungulira, kenako mafyuzi, waya wa efu wolumikiza injini ku thupi la galimoto, ndi magetsi ofika pa koyilo kiyi ali pa ON, amene kababu koyesera kamasonyeza. Kunsi kwa phiri la Tumbine mvula imagwa yambiri, ndipo m'dzinja chinyontho chimalowa m'chivundikiro cha disitiribyuta n'kupatsa magetsi njira yachidule yothawira asanafike ku mapulagi, vuto limene limatha pongopukuta ndi kuumitsa, kupatula ngati chivundikirocho chili ndi mng'alu.

Pa galimoto zatsopanoko, zimene pulagi iliyonse ili ndi koyilo yakeyake, chokayikitsa kwambiri moto ukasowa pa mapulagi onse ndi sensa ya crankshaft, kachipangizo kouza kompyuta liwiro la injini ndi pamene mapisitoni afika. Ikafa, kompyuta imaona ngati injini yaima ndipo situmiza moto. Makina owerengera zolakwika akalumikizidwa pansi pa chiwongolero amaonetsa nambala P0335 pa vutoli, koma sensa isanasinthidwe waya wake ayenera kuunikidwa kaye, popeza misewu ya mabampu ya kumidzi imamugwedeza ndi kumudula.