MUTU UMODZI SUSENZA DENGA, NGAKHALE PA NCHITO YA MAKOMPYUTA

Anthu ambiri a kumidzi amene amabwera kudzaona abale ao mu komboni ya Chipata, kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, amati makina a kompyuta salakwa. Zoona zake n'zakuti kompyuta ilibe nzeru zakezake. Imangotsata malangizo amene munthu anailembera, ndipo malangizowo ndiwo amachedwa pulogalamu. Wolemba akacita mphwayi, colakwa cake cimagwera anthu amene sanamuonepo nkhope.

Mu caka ca 2004, makiliniki a Boma a m'makomboni a Lusaka anayamba kupereka mankhwala a ARV. Odwala anacuruka m'malo monga Chipata, Kanyama, Matero ndi Chawama, ndipo mafaelo a mapepala anali kubvuta kusunga ndi kupeza. Unduna wa za Umoyo, mothandizana ndi bungwe la ku Amereka la CDC, unakonza pulogalamu yochedwa SmartCare yosungira mbiri ya matenda a munthu aliyense.

Akatswiri amene anaikonza anayamba aganizira za malo amene idzagwirako nchito. Podziwa kuti zipatala zambiri zinalibe intaneti, anaipanga kuti izigwira nchito ngakhale popanda intanetiyo. Wodwala anali kupatsidwa kakhadi kosunga mbiri yake, kotero kuti akasamuka kucoka ku Chipata kupita ku Petauke, sing'anga wa kumeneko akanatha kuona mankhwala amene anali kumwa. Anaikanso makina ongokhudza ndi cala, kuti anamwino osazolowera kutaipa asabvutike. Umu ndi mmene mmisiri wabwino amagwirira nchito: amayamba wapima mwini cobvala asanadule nsaru.

Kumene kulibe cisamaliro cotere kumagwa tsoka. Pakati pa 1985 ndi 1987, ku Amereka ndi ku Canada, makina ocizira khansa ochedwa Therac-25 anaocha odwala 6 ndi mphamvu yopitirira muyeso, ndipo ena a iwo anamwalira. Ofufuza anapeza kuti pulogalamu yake inalembedwa ndi munthu mmodzi, popanda akatswiri ena apadera oiyesa mokwanira. Eni makinawo anali atacotsanso zida zotetezera zimene zinali pa makina akale, pokhulupirira kuti pulogalamuyo siingalakwe. Zipatala zitayamba kudandaula, iwo poyamba anakana kuti makina ao ali ndi cilema.

Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. N'cifukwa cake m'magulu odziwa nchito, zimene mmodzi walemba zimawerengedwa ndi mnzake zisanaloledwe. Pulogalamu yatsopano imayesedwa m'malo ocepa isanafalitsidwe m'dziko lonse. Zonse zosinthidwa zimalembedwa bwino kuti wobwera m'mbuyo asasocere, ndipo dandaulo la namwino kapena kalaliki limafufuzidwa msanga.

Nanunso awerengi muli ndi mbali yanu. Mukaona kuti dzina lanu, zaka zanu kapena mankhwala anu zalembedwa molakwika, musacite manyazi poganiza kuti makina adziwa koposa inu. Uzani anamwino nthawi yomweyo, pakuti colakwa cosaululidwa cimakhalabe m'makina mpaka tsiku limene cidzapweteka munthu.