Mkwiyo wa m'nyumba musaupatse dzina la Chigiriki

Mwezi wapitawu namwino ananditumizira mayi wina amene ankadandaula za mutu wosatha ndi kusowa tulo. Titacheza kanthawi, nkhani yeniyeni inatulukira. Bambo akunyumba amakalipa, amaswa mbale, ndipo ana akangomva kuti geti latseguka amathawira kuchipinda. Nditafunsa ngati ankhoswe akudziwa, mayiwo anapukusa mutu. "Adokotala, sizoitanira anthu izi. Ku semina ya mabanja anatiphunzitsa kuti abambo ndi choleric, ine ndine melancholic. Ndi mmene tinalengedwera."

Ntchito yanga ndi ya zamaganizo ndi makhalidwe a anthu, ndipo palibe chiphunzitso chimene chimanditopetsa ngati ichi. Chili paliponse: ku ulangizi wa ukwati, ku bridal shower, ku misonkhano ya achinyamata. Akuti anthu alipo mitundu inayi. Sanguine ndi wansangala ndi wolongolola, choleric ndi waukali wokonda kulamula, melancholic ndi wandwii woganiza kwambiri, phlegmatic ndi wofatsa wosatekeseka. Aliyense apeze bokosi lake, alowemo.

Ambiri amaganiza kuti zimenezi ndi za m'Baibulo kapena za sayansi yamakono. Ayi ndithu. Zinachokera kwa asing'anga a ku Greece wakale, kuyambira nthawi ya Hippocrates, amene ankakhulupirira kuti m'thupi muli madzi a mitundu inayi: magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda. Galen wa ku Pergamon, amene anakhalapo zaka za m'ma 100 Yesu atabadwa, ndiye anakulitsa ganizo loti madzi amene achuluka mwa munthu ndiwo amaumba khalidwe lake. Waukali ndiye kuti yamuchulukira ndulu yachikasu, wachisoni ndulu yakuda. Madokotala akhala akung'amba anthu zaka zonsezi, koma ndulu yakudayo palibe anaipezapo. Achipatala anazitaya kalekale izi. Zinadzabwerera kudzera m'mabuku a Akhristu a ku America, makamaka la m'busa Tim LaHaye la mu 1966, lotchedwa Spirit-Controlled Temperament. Ndipo pomuchitira chilungamo LaHaye, iye ankaphunzitsa kuti zofooka za munthu ziyenera kusintha. Zoti mkazi azipirira mbale zouluka chifukwa mwamuna ndi choleric, ife tawonjezera tokha.

Wina anena kuti, "Komatu atandifotokozera za sanguine ndinadziona ndekha." Ndikukhulupirira. Mu 1948 mphunzitsi wa zamaganizo, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake mafunso, kenako anapatsa aliyense pepala lofotokoza khalidwe lake. Anawapempha kuti apereke malikisi kuyambira 0 mpaka 5 potengera mmene pepalalo lawalondolera, ndipo pakati ndi pakati anapereka 4.3. Kenako anawaululira kuti onse analandira mawu amodzimodzi, ambiri mwa iwo atawatapa m'kabuku ka zolosera za nyenyezi. Munali mfundo zonga zakuti umafuna anthu azikukonda, ndiponso kuti nthawi zina umakayika ngati unasankha bwino. Ndani sangavomere? Munthu akamva mawu otakata onena za iye, amatola zomukhudza, zina zonse n'kuziiwala.

Nanga ife a zamaganizo timati chiyani? Mu 1936 Gordon Allport ndi Henry Odbert anasanthula dikishonale ya Chingerezi n'kupeza mawu pafupifupi 18,000 ofotokoza munthu. Ofufuza amene anabwera pambuyo pawo anafunsa anthu zikwizikwi, n'kugwiritsa ntchito masamu otchedwa factor analysis, amene ntchito yake ndi kuona makhalidwe amene amayendera limodzi. Mwachitsanzo, wosunga nthawi kawirikawiri amakhalanso womaliza zimene wayamba. Mobwerezabwereza pankatuluka magulu asanu, amene Lewis Goldberg mu 1981 anawatcha Big Five. Pali kumasuka pagulu ndi kukonda phokoso la anthu. Pali kukoma mtima ndi kukhulupirira ena msanga. Pali kusamala ntchito ndi dongosolo. Pali chidwi ndi zachilendo. Chachisanu timachitcha neuroticism, kutanthauza kufulumira kuda nkhawa, kukhumudwa kapena kupsa mtima.

Musathamangire kunena kuti tangowonjezera bokosi limodzi. Awa si mabokosi, ndi miyeso, ndipo munthu aliyense ali nayo yonse isanu, wina pang'ono wina kwambiri. Taganizani za msinkhu. Mutaimika anthu a mumsika pamzere, atali kwambiri angakhale ochepa, afupi kwambiri ochepanso, unyinji uli pakati. Kumasuka pagulu n'chimodzimodzi. Ambirife sitili olongolola kapena aduu. Timacheza pa ukwati, kenako timafuna kukhala patokha. Mukadula mzere pakati n'kunena kuti uku ndi mtundu wina uko ndi wina, anthu awiri oyandikana mwawapatsa mayina osiyana, pamene awiri otalikirana mwawaika pamodzi. Vuto lomweli lili ndi Myers-Briggs, mayeso a zilembo zinayi aja amene mabungwe amakonda ku ma workshop a kunyanja: amene ali pafupi ndi malire akalembanso patapita milungu ingapo, nthawi zambiri amatuluka ndi zilembo zina.

Funso limene makolo amandifunsa kwambiri ndi lakuti, ana a bere limodzi, odya nsima ya mphika umodzi, amasiyana bwanji chonchi? Yankho lalikulu latuluka kwa mapasa. Kuyambira mu 1979 Thomas Bouchard wa pa yunivesite ya Minnesota anafufuza mapasa amene analekanitsidwa ali makanda n'kukulira m'mabanja osiyana. Mapasa ofanana, amene DNA yawo ndi imodzi, ankapezeka ofanana khalidwe pafupifupi ngati anzawo okulira nyumba imodzi. Kafukufuku wambiri wa mapasa amasonyeza kuti 40 mpaka 50 peresenti ya kusiyana kwa makhalidwe pakati pa anthu imachokera ku zobadwa nazo. Nambala imeneyi ikunena za gulu la anthu. Sikutanthauza kuti theka la ukali wanu munatengera kwa agogo. Palibenso kachidutswa kamodzi ka DNA kamene tingaloze n'kuti ukali uli apa. Gawo lotsalalo, chodabwitsa, silichokera kwenikweni ku zimene ana a nyumba imodzi amagawana, koma ku zimene mwana aliyense wakumana nazo payekha: anzake, matenda, mphunzitsi wina, mwayi ndi tsoka. Zoti woyamba kubadwa amakhala wotsogolera ndipo chitsiriza amakhala wosasamala, kafukufuku wa mu 2015 wa anthu oposa 20,000 a ku Germany, Britain ndi America sanazipeze.

Ndipo khalidwe silinauma ngati mmene aphunzitsi a mabokosi amanenera. Mu 2006 Brent Roberts ndi anzake anaphatikiza kafukufuku wambiri wotsatira anthu kwa zaka, n'kupeza kuti ambiri akamakula amayamba kusamala ntchito ndi kudekha, makamaka pakati pa zaka 20 ndi 40. Chimene timayeza ndi kumene munthu amapendekera, osati chimene achite lero. Wopsa mtima msanga alipodi, ndipo mtima wake umachita kuwira mwachangu kuposa wa mnzake. Koma taonani munthu yemweyo akaimitsidwa pa rodibuloko, kapena bwana akamudzudzula pamaso pa anzake. Amaseka, amati "pepani bwana". Ndulu yachikasu ija imadikira mpaka afike kunyumba.

Sindikuti Big Five ndi mapeto a nzeru. Inabadwira m'Chingerezi. Michael Gurven ndi anzake atayesa mafunsowa pakati pa Atsimane a ku Bolivia, anafalitsa mu 2013 kuti magulu asanu aja sanaoneke bwinobwino. Ku South Africa, amene anakonza South African Personality Inventory anafunsa anthu a zilankhulo 11, ndipo anapeza kuti kakhalidwe ka munthu ndi anzake kamatenga malo aakulu kuposa mmene mafunso a Azungu amaperekera.

Malo andithera, choncho mwachidule. Mayeso a pa intaneti seweretsani, koma musasankhire mkazi kapena wantchito. Mwana wachete musamukakamize kukhala wolongolola. Mwina ali bwinobwino, ngakhale kuti amene wangosintha mwadzidzidzi, wasiya kudya kapena kucheza, ndi woyenera kumuonetsa kuchipatala. Ndipo pamene pali kumenya kapena kuopseza, siyani kaye kufufuza mtundu wa munthu. Uzani ankhoswe, ndipo ngati zafika poopsa, ku polisi kuli Victim Support Unit.