Thorong La kapena Larkya La: mpata uti woyamba kuwoloka?

Abale anga, m'dziko la Nepal muli mapiri a Himalaya, ndipo pakati pa nsonga zake pali mipata imene eni dziko akhala akuwolokapo kuyambira kale ndi ziŵeto zawo ndi katundu wa malonda. Masiku ano alendo ochokera kutali nawonso amafuna kuiponda mipatayi. Iŵiri ndiyo imene imaika mlendo pamphambano: Thorong La, wa mamita 5,416, pa njira yozungulira phiri la Annapurna, ndi Larkya La, wa mamita opitirira pang'ono 5,100, pa njira yozungulira phiri la Manaslu. Kuti timvetse kutalika kwake, tikumbukire kuti Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, ndi mamita 3,002. Munthu woimirira pa Sapitwa akadatsala ndi makilomita oposa aŵiri, cholunjika kumwamba, kuti afike pa Thorong La.

Ambiri amaganiza kuti mpata wofupikirapo ndiwo wosavuta. Si choncho ayi. Chimene chimapha anthu m'malo otere kaŵirikaŵiri si msinkhu wa phiri koma liŵiro limene alikwerera. Pa mamita 5,400 mpweya ndi wopepuka kwambiri, kotero kuti munthu akapuma kamodzi amakoka pafupifupi theka la mpweya umene akadakoka m'mbali mwa nyanja yamchere. Thupi limazoloŵera ndithu, koma limafuna masiku. Nchifukwa chake madokotala amalangiza kuti munthu akapitirira mamita 3,000, malo ake ogona asamakwere mamita oposa 500 pa tsiku, ndipo pakatha masiku 3 kapena 4 apumule tsiku lathunthu. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Wonyozera malangizoŵa amayamba kumva mutu, nseru, kusoŵa tulo ndi kukana chakudya. Akaumirirabe kukwera, madzi amadzaza m'mapapo kapena ubongo umatupa, amayenda dzandidzandi ngati woledzera, ndipo angathe kufa usiku womwewo. Nthendayi siyang'ana mphamvu za munthu: mnyamata wothamanga mpira angagwe, nkhalamba yoyenda pang'onopang'ono nkuwoloka bwinobwino. Alipo mankhwala otchedwa acetazolamide amene amathandiza thupi kuzoloŵera, koma nthenda ikakula chopulumutsa nkutsika basi.

Tsono funso loyenera ndi ili: kodi zinthu zikavuta, chithandizo chili pafupi bwanji?

Pamenepa Thorong La ali patsogolo. Njira ya Annapurna idatsekulidwa kwa alendo mu 1977, ndipo midzi yake ili ndi nyumba zambiri zogona alendo. M'mudzi wa Manang, pa mamita pafupifupi 3,500, bungwe la Himalayan Rescue Association lili ndi kachipatala kamene pa nyengo ya alendo kamaphunzitsa za nthenda ya kumapiriyi. Mseu wa galimoto udafika ku Manang, ndipo tsidya linalo wina umachoka ku Muktinath kutsikira ku Jomsom, kumene kuli bwalo la ndege. Koma mseu womwewo ndi msampha. Wokwera galimoto mpaka ku Manang amafika msanga thupi lisanazoloŵere, pamene woyenda pansi amafika litakonzeka. Ndiponso anthu amawoloka kuchokera ku Manang kupita ku Muktinath, osati chobwerera, poti wochokera ku Muktinath ayenera kukwera mamita ngati 1,600 tsiku limodzi.

Larkya La ndi nkhani ina. Njira yake imayambira m'munsi kotentha, nitsata mtsinje wa Budhi Gandaki m'zigwa zopapatiza, kuwoloka milatho ya zingwe yolendeŵera, kwa masiku ambiri isanafike ku Samagaon ndi ku Samdo, kufupi ndi malire a Tibet. Kukwera kwapang'onopang'onoku nkwabwino ku thupi. Anthu ndi ochepa, fumbi la magalimoto kumtundaku kulibe, ndipo phiri la Manaslu, la mamita 8,163, limaoneka ngati ulikhudze ndi dzanja. Komabe dera limeneli boma limalisunga mwapadera: pafunika chilolezo china chodzera ku kampani yovomerezeka, ndi wotsogolera njira wokhala ndi chiphaso, choncho ndalama zimachuluka. Malo omaliza kugona, Dharamsala, ndi tizipinda toŵerengeka ndi matenti. Tsiku lowoloka ndi lalitali, maola 8 kapena kuposerapo, pa miyala yogumuka, ndipo potsikira ku Bimthang ndi potsetsereka, nthaŵi zina poterera ndi madzi oundana. Wodwala kumtunda kumeneko chiyembekezo chake ndi helikopita, ngati mitambo yalola ndiponso ngati inshulansi yake imafika pa msinkhu umenewo. Ambiri saŵerenga mawu ang'onoang'ono a papepalalo.

Tisanamizane kuti njira yodzaza anthu ilibe zoopsa. Mu October 2014 namondwe wotchedwa Hudhud adagwetsa chipale chofeŵa chochuluka m'dera la Annapurna, ndipo anthu oposa 40 adamwalira, ambiri mwa iwo pafupi ndi Thorong La. Pakati pawo padali alendo, otsogolera njira ndi amtengatenga. Amtengatengaŵa tisawaiŵale: amasenza katundu wa mlendo pa mpweya wopepuka womwewo, ena ndi nsapato zosayenera, ndipo mlendo akakakamira kuwoloka tsiku loipa amaika pachiswe moyo wa bambo wa ana a eni.

Kwa ine, munthu amene sanagonepo pamwamba pa mamita 4,000 ayambe ndi Thorong La, ngakhale ndiye wamtali, malinga atsike galimoto m'munsi, ayende pansi, ndipo agone ku Manang usiku uŵiri. Larkya La ayembekezere amene akulidziŵa kale thupi lake kumapiri, wokhala ndi masabata aŵiri athunthu ndi ndalama zokwanira. Konse kuŵiri nyengo yabwino ndi October ndi November, kapena March mpaka May. Kuyambira June mpaka September kumagwa mvula yambiri. Ndipo konse kuŵiri amalaŵira kukali mdima, nyali ili pamphumi, kuti adutse pampata mphepo yamasana isanadzuke.