Kupirira Mankhwala ndi Kufooka kwa Tizilombo ta Nsomba

Mphunzitsi adziwe kuti kachilombo kakaphunzira kupirira mankhwala, nthawi zina kamataya nazo mphamvu zake. Ku America, bakiteriya wotchedwa Edwardsiella ictaluri amapha milamba yowetedwa m'madamu. Akatswiri awiri, Klesius ndi Shoemaker, analera tizilomboti pa mankhwala a rifampicin, nawonjezera mlingo wake pang'onopang'ono. Tomwe tinapulumuka tinali titasandulika m'kati: mankhwalawo tinawapirira, koma mphamvu yodwalitsa nsomba inatichepera. Motero m'chaka cha 1999 iwo analengeza kuti tizilombo tofookato tingakhale katemera woteteza milamba.

Komatu tisanyengedwe. Si tonse topirira timene timafooka, ndipo tina timapatsirana kupirirako. Chifukwa chake ana aphunzitsidwe kusataya mankhwala m'madzi mwachisawawa.