Fakitale Ikasanduka Nyumba Yogona: Nkhani ya Maboneng

Anzanga, ambirife tili ndi m'bale ku Joni. Akatitumizira zithunzi pa WhatsApp timaona nyumba zitalizitali kumbuyo kwake, ife n'kumati koma ndiye akudyerera. Koma munafunsapo kuti m'nyumba zimenezo mumakhala ndani, ndipo amakhalamo bwanji? Lero tione dera limodzi la pakati pa mzinda wa Johannesburg, lotchedwa Maboneng, kumene mafakitale ndi nyumba zakale zosungiramo katundu anazikonza n'kukhala mafulati. A Fomu 3 ndi Fomu 4, iyi ndi nkhani ya kukula kwa mizinda yomwe ija ya mu Jogalafe, kungoti ili ndi anthu enieni.

Johannesburg inayamba mu 1886 atapeza golide, ndipo agogo athu ena anakakumba nawo m'migodi yake kudzera ku Wenela. Pa nthawi ya tsankho, lamulo la Group Areas Act la 1950 linkagawa malo okhala potengera khungu, choncho anthu akuda ankagwira ntchito m'tauni masana koma kukagona kutali, monga ku Soweto. Lamulolo linathetsedwa mu 1991. Pofika nthawiyi n'kuti makampani atayamba kale kusamukira kumpoto, ku Sandton ndi ku Rosebank. Ngakhale msika wa masheya unasamukira ku Sandton mu 2000. Pakati pa mzinda panatsala nyumba zosanja zambirimbiri zopanda ntchito. Eni ake ena anangozisiya, osalipiranso msonkho wa khonsolo, madzi kapena magetsi.

Ndiye kunabwera mnyamata wina wabizinesi, Jonathan Liebmann, ndi kampani yake ya Propertuity. Anagula nyumba yosungiramo katundu yomangidwa mu 1911 kum'mawa kwa tauni, kufupi ndi Jeppestown, ndipo mu 2009 anaitsegula ndi dzina loti Arts on Main. Munalowa anthu ojambula, ogulitsa mabuku ndi malo odyera. Katswiri wa zojambula William Kentridge anatsegulamo malo ake ogwirira ntchito, ndipo dzina lake linakoka anthu amene kale ankaopa kuponda m'tauni. Kenaka kunatsatira Main Street Life, nyumba ya mafakitale ya m'ma 1970 imene anaigawa kukhala mafulati, n'kuikamonso kanyumba ka kanema ndi hotelo ya 12 Decades. Chipinda chilichonse cha hoteloyi chinakongoletsedwa mokumbutsa zaka khumi za mbiri ya mzindawu. Dera lonselo analitcha Maboneng, mawu a Chisotho otanthauza malo a kuwala.

Mwina mukufunsa kuti, bwanji osangogwetsa n'kumanga zatsopano? Choyamba, lamulo la South Africa la 1999 loteteza zinthu zakale limati nyumba yoposa zaka 60 sungaigwetse kapena kuisintha popanda chilolezo. Kuwonjezera apo, kuyambira mu 2004 boma linkachepetsera msonkho anthu okonza nyumba zakale pakati pa mzindawu. Koma chifukwa chachikulu ndi nyumbayo payokha. Fakitale anaimanga kuti inyamule makina olemera, ndiye zipilala zake ndi konkire wake n'zolimba kuposa zimene anthu ogona amafuna. Denga lili patali, mawindo ndi aakulu chifukwa ogwira ntchito ankafuna kuwala. Womanga amagula chigoba chimenechi motchipa, ntchito yake n'kukhala ya m'kati basi.

Komatu ntchito ya m'katiyo si yamasewera. Fakitale inali ndi zimbudzi zochepa pakona imodzi. Tsopano fulati iliyonse ikufuna chimbudzi, bafa ndi sinki yakeyake, ndiye pamafunika kuboola konkire kuti mapaipi adutse kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mawaya akale onse amachotsedwa. Pamafunika masitepe othawira moto, zitseko zosapsa msanga, chikepe, ndi pampu yokweza madzi kupita kunsanjika zapamwamba. Zooneka ndi maso zokha, monga njerwa zosapaka pulasitala ndi zitsulo zakudenga, amazisiya dala. Kwathu kuno nyumba yosapaka pulasitala timati mwini wake ndalama zinamuthera. Kumeneko anthu amalipira zambiri kuti azigona moyang'ana njerwa. Dziko ili, eti!

Nanga moyo wa m'menemo? Mafulati ambiri ndi chipinda chimodzi chachikulu: bedi uko, khitchini apa, bafa lokha ndiye lotchinga. Kwa munthu mmodzi kapena awiri n'zabwino ndithu. Ntchito ili pafupi, supereka ya minibasi, pageti pali alonda usana ndi usiku. Koma palibe bwalo, palibe dimba la mpiru, palibe khola la nkhuku. Mbaula ya makala iwalani. M'nyumba zambiri ngakhale kuyanika zovala pamalo oonekera kunja n'koletsedwa. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, choncho mu Juni ndi Julaye konkire uja amazizira koopsa, ndipo chipinda cha denga lalitali chimadya mayunitsi kuti chifunde. Magetsi akazima chikepe chimaima, pampu imaimanso ngati palibe jenereta, ndiye uziganizira kukwera nsanjika zisanu ndi ziwiri utasenza chigubu.

Mfundo imene ndikufuna muigwire ndi ya umwini. Ukagula fulati, chako ndi m'kati mwa zipupa zako mokha. Denga, masitepe, chikepe ndi mapaipi akuluakulu ndi za eni mafulati onse pamodzi. Onsewo amapanga bungwe, amasankha komiti, ndipo aliyense amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi zolipirira alonda, osesa, inshuwalansi ndi zokonzera zowonongeka. Zili ngati komiti ya mjigo kumudzi: anthu akaleka kusonkha, tsiku lina mjigo umafa. Kusiyana kwake n'kwakuti pamjigo mukhoza kupita kudambo, koma m'nyumba yosanja chimbudzi cha pamwamba chikaphulika chimatsikira pa onse. Ena akaona choncho amasamuka, osonkha amachepa, nyumba n'kumaipiraipira. Umu ndi mmene nyumba zambiri za m'tauniyi zinafera poyamba paja. Ponte City, nyumba yozungulira ya nsanjika 54 yomangidwa mu 1975, inafika poti zinyalala zinaunjikana pakati pake kukwera nsanjika zingapo, isanakonzedwenso.

Tsono funso lovuta ndi ili: nyumba ikakonzedwa, amalowamo ndani? Nyumba zija ankati n'zosiyidwa sizinali zopanda anthu zonse. Munali alonda, ogulitsa m'misewu, otola mabotolo, ndi obwera ochokera m'maiko ngati lathu lino. Dera likayamba kuwala, mitengo ya nyumba zoyandikana imakwera, eni ake amakumbukira kuti ali ndi chuma, lendi imakwera, ena amatulutsidwa. Mu 2015 anthu a ku Jeppestown anachita zionetsero m'misewu pokana kutulutsidwa m'nyumba, ndipo mkwiyo wawo unaloza ku Maboneng. Lamulo lilipo lowateteza: munthu satulutsidwa popanda chigamulo cha khoti, ndipo mu 2011, pa mlandu wa Blue Moonlight, khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula kuti khonsolo ya mzindawu iyenera kupezera pogona pongoyembekezera anthu osauka otulutsidwa, ngakhale nyumbayo ikhale ya munthu wamba. Koma malo oterowo ndi ochepa kuyerekeza ndi owafuna.

Amene sangakwanitse lendi ya fulati yokonzedwa amathera m'nyumba zolandidwa. Izi ndi nyumba zimene magulu ena amazilanda n'kumatolera lendi ngati zawo. Holo imodzi amaigawa timazipinda ndi mapulanga, makatoni ndi nsalu. Magetsi ndi olumikiza mwakuba kapena kulibiretu, anthu amaunikira makandulo ndi kuphikira parafini, ndipo mageti amakhomedwa poopa akuba. Pa 31 Ogasiti 2023 moto unabuka m'nyumba ya Usindiso pa 80 Albert Street ku Marshalltown, ulendo wapansi wosakwana theka la ola kuchokera ku Maboneng. Anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi. Nayonso inali nyumba ya mbiri: m'nthawi ya tsankho inali ofesi ya mapasi, kumene anthu akuda ankapatsidwa kapena kumanidwa chilolezo chokhala mumzinda. Mwini wake anali khonsolo yeniyeniyo, ndipo komiti yofufuza yotsogozedwa ndi jaji wopuma Sisi Khampepe inapeza mu 2024 kuti khonsoloyo inalephera udindo wake.

Ine ndimaona kuti kukonza nyumba yakale n'kwanzeru kuposa kuisiya iwole, ndipo Maboneng inasonyeza kuti anthu akhoza kubwerera kukagona pakati pa mzinda. Chimene sinayankhe ndi cha mlonda amene amalondera geti lake: iye akaweruka amakagona kuti? Nayo kampani ya Propertuity sinalimbe. Inagwa mu 2018 chifukwa cha mavuto a zachuma, ndipo nyumba zake zambiri zinagulitsidwa pa okushoni chaka chotsatira. Mafulati alipobe, anthu akukhalamobe, koma tsopano nyumba iliyonse ikudalira eni ake atsopano ndi komiti yake.

M'bale wanu akadzaimbanso, mufunseni ngati nyumba imene akukhala ili ndi masitepe achiwiri othawira moto, komanso ngati geti lake limatseguka usiku.